Maule ndi mbewu ya makolo: mbiri ya Bullets monga ndikuidziwira

Masiku onse ndimakulemberani za kumunda, za mtengo wa feteleza, za anankafumbwe ndi za mvula. Lero ndapatuka pang'ono, ndikufuna tikambe za mpira. Chandichititsa n'choti anyamata athu kuno ku Machinjiri amaidziwa Arsenal ndi Manchester United ngati kuti anabadwira komweko, koma ukawafunsa kuti Bullets inayamba chaka chanji, amangoti kukamwa yasa. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndikudziwa zisanapite nane kumanda. Ndineneretu kuti ine ndine wa Maule. Anzanga a Manoma musathawe, khalani pansi, nanunso muli momwemu.

Ndiyambe ndi zomwe ndimazidziwa bwino, chimanga. Pali chimanga cha haibulidi chomwe timagula m'sitolo. Chimabereka zedi, koma chaka chilichonse umayenera kukagulanso mbewu, ndipo chikasowa feteleza chimakuchititsa manyazi. Palinso chimanga cha makolo. Chimenechi sichidzaza ngolo zambiri, koma mbewu yake umasunga wekha patsindwi la khitchini pomwe pamafika utsi, ndipo ngakhale chaka cha njala mbewuyo siitha m'mudzi. Wina akadya yake, amakapempha kwa mnansi. Matimu a mpira a mu Blantyre muno analinso a mitundu iwiri yomweyi. Ena anali a haibulidi, ena a makolo. Mukamawerenga mbiriyi muziona nokha.

Timu yakale pa awiriwa ndi Wanderers, inayamba mu 1962 dziko lino likadali Nyasaland. Mu 1967, patangotha zaka zitatu tilandire ufulu, osewera ena anachoka ku Wanderers n'kukayambitsa timu yawo. Imeneyo ndiye Bullets. Mwamva a Maule anzanga? Tinatuluka m'nyumba ya Manoma. N'chifukwa chake timatchulana kuti neba, ndipo mkangano wathu sumatha, paja mkangano wa pachibale ndiye umawawa. Panali ngakhale osewera ngati Yasin Osman amene anavalapo jezi yofiira n'kuvalanso ya buluu.

Nthawi imeneyo Blantyre inkadzaza ndi anthu ochokera ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje, Zomba, ena mpaka ku Mzimba ndi Karonga, onse kudzafuna ntchito m'mafakitale. Ambiri ankafikira ku Ndirande chifukwa ndi pafupi ndi ku Makata komwe kuli makampani, munthu umangoyenda wapansi. Ena ku Bangwe, ena ku Zingwangwa ndi Chilomoni. Munthu wasiya mfumu yake kumudzi, wasiya gule wakwawo, ali yekha m'tauni. Loweruka ndi Lamlungu masana apite kuti? Ku mpira. Kumeneko Mlomwe, Myao, Mngoni, Msena ndi Mtumbuka ankakhala pa simenti imodzi n'kumakuwa chinthu chimodzi. Timu inasanduka mudzi wachiwiri.

Timu yatsopanoyi inapeza thandizo ku kampani ya nsapato ya Bata, n'kukhala Bata Bullets. Achinyamata dziwani kuti masiku amenewo mpira unali m'manja mwa makampani ndi nthambi za boma. Wosewera wabwino ankapatsidwa ntchito pakampani, m'mawa ali pantchito, masana akupita kokakonzekera masewero. Kunali ADMARC Tigers, kunali Hardware Stars komwe kunachokera Ernest Mtawali, kunali MDC United yomwe bwalo lake lili ku Chilomoni. Ku Lilongwe kunali Silver Strikers ya Reserve Bank ndi CIVO ya ogwira ntchito m'boma. Nawo a Wanderers anatchedwapo Yamaha Wanderers, kenako Limbe Leaf Wanderers, kampani ya fodya imeneyo. Alimi anzanga taganizani: ADMARC inkapeza ndalama pogula ndi kugulitsa mtedza, thonje, fodya ndi chimanga chathu. Ndiye kuti jezi ya Tigers inali ndi thukuta la makolo athu, ngakhale ambiri a iwo sanapondeko pa sitediyamu.

Munthu amene anakweza dzina la Bullets m'zaka za m'ma 1970 ndi Kinnah Phiri, amene anthu anamupatsa dzina loti Electric. Ameneyu anamwetsera timu ya dziko lino zigoli 71, mpaka lero palibe wamufika. Mu 1978 Malawi inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa kuno kwathu itagonjetsa Zambia, ndipo mu 1979 inachitenganso itagonjetsa Kenya. Mu timu imeneyo Kinnah wa Bullets ankasewera limodzi ndi Jack Chamangwana wa Wanderers, uja ankati Africa. Ine ndinali mwana wa zaka 8. M'mudzi mwathu wailesi inali imodzi, ya malume ena, mabatire ake tinkachita kuyanika padzuwa kuti afike kumapeto a mpira. Kinnah sindinamuone akusewera ndi maso angawa, ndinamuona ndi makutu. Koma mawa lake pa mpira wachikulunga aliyense ankafuna akhale Kinnah.

Nditasiya sukulu ndinakakhala kwa achimwene ku Ndirande, ndikugulitsa tomato ndi masamba mumsika. Inali nthawi yomwe Super League inkayamba, mu 1986, ndipo oyamba kutenga ligiyo anali Bata Bullets. Tinkanyamuka ku Ndirande wapansi gulu lalikulu, kudutsa pa Ginnery Corner mpaka pa Kamuzu Stadium. Amene anali ndi ndalama ankalowa n'kukakhala ku Biafra, kumbali yopanda denga komwe dzuwa limakuphika ngati mbatata. Amene tinalibe tinkadikira panja kuti mageti atsegulidwe mpira ukamatha, tionereko mphindi zotsalazo. Ndi nthawi imeneyo ndinamuona Lawrence Waya, Lule, akuvinitsa anthu ndi mpira kumapazi. Pambuyo pake kunabwera Chancy Gondwe ndi Patrick Mabedi. Onse awiri anakasewera ku South Africa, Chancy ku Mamelodi Sundowns, Mabedi ku Kaizer Chiefs komwe anafika pokhala kaputeni.

Koma musaganize kuti Bullets ndi Wanderers okha ndiwo ankalamula. Taonani ligi m'zaka zoyambazo: 1986 Bata Bullets, 1987 CIVO, 1988 MDC United, 1989 ADMARC Tigers, 1990 Limbe Leaf Wanderers. Zaka zisanu, akatswiri asanu osiyana, anayi mwa iwo a mu Blantyre momwemuno. MDC ndi Tigers sanali matimu ocheza nawo. Sungani maina amenewa, tiwapezanso kutsogoloku.

Zinthu zinayamba kusintha m'ma 1990. Matipate ambiri atabwera mu 1994, kwacha inagwa, katundu wakunja anadzaza m'misika, kaunjika wa zovala ndi nsapato anafika paliponse. Makampani a boma ena anagulitsidwa, ena anatsekedwa, anthu ambiri ku Ndirande ndi ku Bangwe anachotsedwa ntchito. Kampani ikamavutika, choyamba kudula ndi mpira. Bata, yomwe inakhala ndi timuyi zaka pafupifupi 30, inasiya. Kampani ya mafuta a galimoto ya Total inalowapo, timu n'kukhala Total Big Bullets. Chodabwitsa n'choti m'nthawi yosinthasintha imeneyi ndi momwe Maule anaopsa kwambiri. Kuyambira 1999 mpaka 2005 anatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana, osapumira.

Mu 2003 pulezidenti wa nthawiyo, a Bakili Muluzi, anaitenga timuyi n'kuyamba kuithandiza ndi ndalama, dzina linasintha kukhala Bakili Bullets. Za ndale ine sindilowako, aliyense ali ndi chipani chake, ndikungonena zomwe zinachitika. Ndalama zinalipo, osewera abwino anasonkhanitsidwa, timu inapita mpaka ku England kukakonzekera. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri yemwe uja. Mu 2004, mu mpikisano wa CAF Champions League, anyamatawa anatulutsa SC Villa ya ku Uganda, anatulutsa Zanaco ya ku Zambia, kenako anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa. Abale, Orlando Pirates! Tsiku limenelo ku Ndirande anthu sanagone, maminibasi ankangoliza mahutala usiku wonse. Pagolo panali Swadick Sanudi, kumbuyo Peter Mponda ndi James Chilapondwa, ndiye kunali Fischer Kondowe, Robert Ng'ambi, Jimmy Zakazaka, Muzipasi Mwangonde ndi anzawo. Analowa mu ndime ya m'magulu, matimu 8 okha mu Africa yense. Gulu lawo linali ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Sanapitirire, inde, koma dziwani kuti matimu awiri omwe anakakumana mu ndime yomaliza chaka chimenecho, Enyimba ndi Étoile, onse anachokera m'gulu la Bullets lomweli. Tinagonja kwa eni ake chikho.

Koma paja akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. A Muluzi anachoka pampando mu 2004 momwemo, ndipo pasanapite nthawi thandizo lija linatha. Dzina la Bakili linachoka, inatsala Big Bullets basi. Osewera odziwika anamwazikana, ambiri kupita ku South Africa. Ngakhale bwalo lenilenilo linasintha dzina nthawi yomweyo: poyamba linali Rangeley Stadium nthawi ya azungu, kenako Kamuzu Stadium, nthawi ya a Muluzi linali Chichiri Stadium, a Bingu wa Mutharika atalowa linabwerera kukhala Kamuzu Stadium. Maina amayendera amene ali ndi mphamvu.

Apa ndiye panayamba njala ya Maule. Kuyambira 2006 mpaka 2013, zaka 8, ligi sitinainunkhe. Wanderers inatenga mu 2006, ESCOM United mu 2007, Silver Strikers n'kumangodzitengera ngati ya kwawo. Osewera ankakhala miyezi osalandira malipiro. Timu inkadalira ndalama za pakhomo ndi anthu akufuna kwabwino. Ife a Maule tinasekedwa m'maminibasi, m'mabawo, ngakhale pamaliro.

Tsono tiyeni tibwerere ku maina ndinati musunge aja. MDC United ili kuti lero? Kampani ya MDC itagwa, timu inagwera limodzi, chatsala ndi bwalo lija ku Chilomoni. Hardware Stars ili kuti? Ana a lero sanaimveko n'komwe. ESCOM United, yomwe inatenga ligi kawiri, mu 2007 ndi mu 2011, kampani itachotsa dzanja inafota mpaka kuzimirira. Tigers yokha ndiyo yalimbalimba, inakhalapo Azam Tigers, kenako Mighty Tigers, koma siinabwererenso pomwe inali mu 1989. Matimu amenewa anali ndi osewera abwino, mabasi abwino, malipiro abwino. Chomwe analibe ndi anthu oti timu ikadwala aziigonera pachipatala. Anali haibulidi. Feteleza atatha, m'munda munatsala mapesi.

Bullets inakumana ndi chilala chomwecho koma siinafe. Chifukwa chiyani? Chifukwa mbewu yake inali patsindwi la anthu wamba. Wogulitsa makala wa ku Chilomoni, mayi wa zitumbuwa wa ku Zingwangwa, kondakitala wa ku Bangwe, mlimi wa tomato ngati ine, tonse tinkapitabe kukalipira pakhomo timu ili pa nambala yochititsa manyazi. Bambo akamwalira, mwana amatenga timu ngati momwe amatengera munda. Bata inapita ndi nsapato zake, Total ndi mafuta ake, a Muluzi ndi mpando wawo, koma liwu loti Bullets palibe ananyamula, chifukwa silinali lawo. Ndipo kunena chilungamo, Manoma nawo ndi chimodzimodzi. Akhala Yamaha, Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward, Mukuru, koma Nyerere zili pomwepo pa Lali Lubani. Anadikira kuyambira 2006 mpaka 2017 kuti aionenso ligi, Yasin Osman yemwe uja ali mphunzitsi, ndipo sanathawe timu yawo. Pamenepo ndimawavulira chipewa.

Koma ndisakometse zonse ngati ndikufunsira mbeta. Masapota omwewo amene anasunga timu anali ndi zawo. Ena ankadya ndalama za pakhomo, ena ankalowerera ntchito ya kochi, kumuuza woti asewere ndi woti akhale panja, ena ankagenda miyala timu ikagonja. Zoterezi zinathawitsa makampani ambiri omwe akanathandiza, komanso zinachititsa kuti amayi ndi ana aziopa kupita ku mpira. Mbewu ya makolo nayo imafumbwa ukapanda kuisamala.

Ligi inabwerera ku Maule mu 2014, n'kubwerezanso mu 2015. Chaka cha 2015 chomwecho timu inalowanso mu CAF Champions League yopanda kampani yoiimira kumbuyo. Inatulutsa Fomboni ya ku Comoros, n'kugonja kwa Al Hilal ya ku Sudan, ndipo inabwerako ndi ngongole zoopsa. Zinali ngati mlimi amene watenga katapila kuti alime munda waukulu, mvula n'kudula. Apa anthu ambiri anaona kuti chikondi chokha sichilipira ndege ndi hotela.

Ndiye kunabwera Nyasa Manufacturing Company, kampani yopanga ndudu za fodya. Poyamba inabwera ngati yothandiza, timu n'kukhala Nyasa Big Bullets. Kenako mu 2017 inatenga umwini wa timu. Alimi a fodya a ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji, mwaona kuti thukuta la mlimi labwereranso pa jezi? Zipatso zake taziona tonse. Osewera anayamba kulandira malipiro pa nthawi yake. Kunakhazikitsidwa bwino timu yachisodzera, ya achinyamata ndi ya amayi. Mu 2022 zinafika poti ndime yomaliza ya chikho cha FDH Bank inali pakati pa Bullets yaikulu ndi Bullets Reserve, bambo kulimbana ndi mwana wake. Mphunzitsi wa ku Zimbabwe, Kalisto Pasuwa, anabwera mu 2018 ndipo timu inatenga ligi kasanu motsatizana mpaka 2023. Chaka cha 2023, pomwe banki ya First Capital inalowapo n'kuwonjezera FCB kutsogolo kwa dzina, Maule anasesa zonse zinayi: ligi ya TNM, chikho cha FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Mu 2024 ligi inapita ku Silver Strikers, ndipo amene anatilanda ndi mwana wathu yemwe, Peter Mponda, ali mphunzitsi kumeneko.

Ndiye wina afunsa kuti, nanga madala mukudandaula chiyani poti nkhokwe yadzaza? Sindikudandaula, ndikuganiza mofatsa ngati mlimi. Kale makampani ankabwera kudzachita lendi munda wathu, akakolola n'kumapita, munda n'kutsala m'manja mwathu. Pano munda uli m'dzina la kampani. Panopa akuulima bwino, ndikuyamika. Koma mbiri yomwe ndakuuzaniyi ikutiphunzitsa kuti palibe kampani yokhala mpaka kalekale. MDC inali yaikulu. ADMARC inali ndi msika pafupifupi dera lililonse la dziko lino, koma mu 2022 tinaona boma likuitseka kaye n'kuchotsa antchito. Fodya amene tikudalirayu, maiko akunja akumuchepetsa chaka ndi chaka. Tsiku lomwe eni ake a lero adzatope, kodi adzapeza anthu okonzeka kuilandira timu ngati mmene zinalili mu 2006? Kapena adzapeza tonse tili m'mavidiyo sho kuonera mpira wa ku England, tikubetcha pa foni?

Chinanso n'chakuti timu yomwe inayamba mu 1967 mpaka lero ilibe bwalo lakelake. Kwa zaka zambiri yakhala ikusewera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma, lomwe mbali zake zam'mwamba anatseka chifukwa chokalamba. Masewero akuluakulu a CAF timachita kupita nawo ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, kutali ndi anthu a ku Ndirande amene anaisunga timuyi pa njala. Mu 2019 a Peter Mutharika ali pulezidenti analonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo, la Bullets cha ku Zingwangwa, la Wanderers cha ku Kanjedza. Ntchito inayambika, kenako inaima. Mlimi aliyense amadziwa kuti khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo pamunda wobwereka sudzalapo mango.

Taonaninso matimu ang'onoang'ono a m'makwalala mwathu. Ntopwa ya ku Bangwe inalowa mu Super League mu 2019, inavutitsa akuluakulu, kenako inatuluka. Bangwe All Stars inalowa mu 2023, chaka choyamba inachita bwino anthu mpaka kudabwa, mu 2024 inatuluka. Matimu otere amayendera thumba la munthu mmodzi wokonda mpira. Thumbalo likabooka, timu imagwa. Anthu a ku Bangwe ndi ochuluka zedi, akanati aliyense aziponyako kangachepe mwezi ndi mwezi ngati momwe timachitira ku banki m'khonde, bwenzi timu yawo ili ndi mizu. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo osewera a Bullets ndi Wanderers a mawa achokera kuti ngati matimu a m'makwalala akufa, mabwalo a fumbi omwe ana ankaseweramo chikulunga akugawidwa mapuloti?

Pempho langa ndi laling'ono. Amene muli mu Blantyre muno, kamodzi pa mwezi tengani mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, mupite naye ku Kamuzu Stadium kapena ku Chiwembe akaone mpira ndi maso. Lipirani pakhomo, musalowere pawindo, ndipo tikiti mulandire. Ngati ndalama yavuta, pitani pabwalo la sukulu ya kwanuko pomwe timu ya m'dera lanu ikusewera, mukaponyeko kangachepe m'mbale ikamadutsa. Mafumu ndi makhansala, bwalo la mpira silogulitsa. Ndipo inu akuluakulu anzanga amene munamuona Kinnah, Lule, Jack Africa ndi Mtawali, auzeni adzukulu anu nkhani zimenezi madzulo podikira nsima. Umo ndi mmene mbewu imasungidwira.

Amene mukukumbukira zina za MDC United, Hardware Stars kapena Tigers ya kale, makamaka inu a ku Chilomoni ndi ku Kanjedza, tiuzeni nafe tidziwe. Sabata yamawa tibwerera kumunda, ndidzakamba za kasungidwe ka manyowa tisanafike mwezi wa Okutobala. Manoma anzanga, tikumana pa derby.

Ndatha ine wanu mlimi wa ku Machinjiri.